Botolo silibereka anyezi

Ana anga a ku Palabana, mwalowa m'madimba ndipo mwachita bwino. Koma mabotolo a mankhwala okulitsa mbewu amene mukubwera nawo kuchokera ku Lusaka akundidetsa nkhawa. Khalani pansi mumve.

Mankhwalawa si feteleza. Sadyetsa mbewu, amangoilamula kuti italike, ichite maluwa kapena igone. Mutu wa anyezi umamangidwa ndi masamba. Dulani anyezi pakati: mizere yozungulira mukuionayo ndi matsinde a masamba ake. Masamba amafuna manyowa, madzi ndi kupalira. Botolo silipalira.

Amodzi mwa mankhwalawa, otchedwa GA3, amagwira ntchito pa mlingo wochepa zedi. Akalemba 100 ppm, ndiye kuti galamu 1 ya mankhwala enieniwo m'malita 10 a madzi. Ine ndinkayezera chivindikiro, poganiza kuti kuchulutsa ndiko kukolola. Masamba anatalika, odutsa n'kumayamikira. Kuzizira kwa June ndi July kutafika, anyezi anathamangira maluwa. Mitu ing'onoing'ono. Makosi onenepa. Pakati pouma gwaa. Ku msika wa Soweto amayi ogula ankangofinya khosi n'kubweza m'thumba. Ngongole ya mbewu ndi feteleza inadya mbuzi zanga. Safunsa anadya phula.

Palinso maleic hydrazide, woletsa anyezi kumera posungidwa. Ameneyu nkhani yake ndi nthawi. Amapopera pakatsala milungu ngati 2 kuti mukolole, makosi atayamba kugwa koma masamba akadali obiriwira. Mukafulumira, mitu imafewa n'kuchita mphako. Mukachedwa, masamba ouma samwa mankhwala, ndalama yapita. Ndipo anyezi amene mwasungira mbewu asalawe n'dontho lomwe, chifukwa sadzamera.

Tsono mverani. Werengani zolembedwa pabotolo. Gulani okhawo ovomerezedwa ndi bungwe la ZEMA, osati othiridwa m'botolo lopanda dzina. Funsani alangizi. Valani magolovesi, tsekani pakamwa ndi mphuno. Yesani pa bedi limodzi, loyandikana nalo mulisiye, ndipo pokolola muike zonse pasikelo. Sikelo sinama, masamba amanama.

Yambani ndi mbewu yoyenera kuno, monga Texas Grano kapena Red Creole. Fesani pa nthawi yake. Wokerani mbande zisanakulitse. Kuthamanga sikufika, ana anga. Konzani nthaka poyamba, botolo libwere pambuyo ngati lifunika.