CINKHWE CA MKANDA M'KHOSI: ZAKUDYA ZOYENERA NDI ZOOPSYA

Pa tsamba lino timakonda kukambirana za cimanga, nshawa, ng'ombe ndi nkhuku. Lero phunziro lathu liri pa ciweto cacilendo cimene cayamba kufika m'midzi kudzera mwa ana athu okhala m'matauni, ndico cinkhwe cobiriwira ca mkanda m'khosi, cimene Angerezi amacicha ringneck.

Pa ulendo wina ndinafika pa mudzi pamene mai wina wokalamba anali ndi cisoni cacikulu. Mwana wao wogwira nchito ku Lusaka anawasiyira cinkhwe cotere popita ku maphunziro akutali. Agogowo anacikonda ngati mdzukulu, ndipo ciriconse cokoma anali kucigawirako. Itafika nyengo ya kotapela anacipatsa kagawo kakang'ono m'mawa. Tsiku lotsatira anacipeza citagwa pansi m'khola, cakufa. Sanali wankhanza ai, koma sanadziwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tsono tifunse ndi kuphunzira.

Mbalame imeneyi ndi yotani?

Kwao kweni kweni kwa cinkhwe cimeneci ndi ku India, Pakistan ndi Sri Lanka, ndiponso m'maiko a Afrika a kumpoto kwathu, kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia. M'nkhalango za Zambia sicipezeka. Zina zimene zinathawa m'makola zinaswana, ndipo tsopano zimauluka m'mizinda monga London, Johannesburg ndi Durban.

Utali wace ndi masentimita 40, koma woposa theka ndi mcira. Cacimuna cikakhwima cimakhala ndi mzere wakuda ndi wofiirira wozungulira khosi monga mkanda. Cacikazi ciribe mzere wooneka bwino. Cikasungidwa bwino cikhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 20, ndipo cimatha kuphunzira mau a anthu.

Cinthu cofunika kukumbukira ndi kulemera kwace, pakuti sikufika ngakhale magalamu 150. Munthu wa makilogalamu 60 amacilemerera koposa ka 400. Motero kanthu kamene inu mungadye osamva kanthu kalikonse, kwa cinkhwe ndi mtolo waukulu. Mcere wotsina ndi zala, kapena dontho la mowa, kwa ico si zazing'ono ai.

Zakudya zoyenera

Coyamba ndi mbeu za m'munda. Mawere, mcewere, mapira, mpunga ndi cimanga ndi zabwino. Cimanga caciwisi cimacikonda kopambana, ndipo ku India alimi amadandaula nazo mbalamezi cifukwa zimaononga minda ya cimanga ndi mpendadzuwa. Sakanizani mitundu itatu kapena inai, osapatsa mtundu umodzi wokha. M'masitolo ena a m'matauni mumapezeka timibulu topangidwira zinkhwe, ndipo madokotala a ziweto amatiyamika cifukwa muli zonse zofunika m'thupi. Amene angathe kutigula acita bwino.

Mpendadzuwa ndi nshawa ziri ndi mafuta ambiri. Cinkhwe cikazipeza m'mbale cimatola zimenezi poyamba ndi kusiya zina zonse, monga mwana wofuna ndiwo wosafuna nsima. Mbalame ya m'khola siuluka mtunda wautali, cotero mafutawo amaunjikana m'thupi naononga ciwindi. Patsani njere zowerengeka zokha pa tsiku, makamaka pociweta kapena pociphunzitsa mau.

Caciwiri ndi ndiwo zamasamba. Mbeu zouma zokha ziribe vitamini A wokwanira. Cinkhwe cosowa vitamini ameneyu cimadwala cimfine kawirikawiri, mphuno zimatsekeka, m'kamwa mumaturuka tizironda toyera, ndipo nthenga zimacita mbuu. Mankhwala ace ali m'dimba mwanu momwemo: cibwabwa, bonongwe, cisoso, repu, mpiru, karoti, dzungu ndi kandolo wophika, makamaka wacikasu m'kati. Tsukani masamba ndi madzi oyera, ndipo muwapatse aawisi kapena ofutsa pang'ono, opanda mcere, mafuta kapena soda. Tsabola wakupsya ndi wabwinonso. Musadabwe pociona cikudya tsabola mosatekeseka, pakuti mbalame sizimva kuwawa kwace monga timamvera ife.

Cacitatu ndi zipatso. Mango, papaya, gwafa, nthoci, malalanje ndi masau ndi zabwino, koma pang'ono pang'ono cifukwa muli shuga wambiri. Masamba azicuruka kuposa zipatso.

Cacinai ndi zomanga thupi. Nyemba, khobwe ndi nandolo zipatsidwe zophika mpaka kufewa, zopanda mcere. Nyemba zouma zosaphika, kapena zongoviika m'madzi, ziri ndi ululu umene umatha pokhapokha zitawira bwino. Kagawo ka dzira lowiritsa kamodzi kapena kawiri pa sabata nkothandiza, makamaka pa nthawi yosintha nthenga. Cikungwa ca dziralo muciwiritse, muciumitse ndi kucisinja, ndipo muwaze pang'ono pa cakudya. Cimalimbitsa mafupa ndi kuthandiza cacikazi poikira.

Zakudya zoopsya

Kotapela ndiye mdani woyamba. M'cipatso, m'khungu, m'njere ndi m'masamba ace muli ululu wochedwa persin, umene kwa anthu sucita kanthu koma kwa mbalame umaononga mtima. Cinkhwe cimafooka, cimapuma mobvutika, ndipo cikhoza kufa pasanathe masiku awiri. Ngakhale nthambi ya mtengo umenewu musaiike m'khola kuti cizikhalapo, popeza cinkhwe cimatafuna mtengo uliwonse.

Cokoleti, tiyi, khofi ndi zakumwa za kola zimathamangitsa mtima wa mbalame ndi kuigwetsa m'manjenje. Mowa wa mtundu uliwonse, kacasu, ngakhale masese otsala pofulula, zisafike pafupi ndi khola. Alipo anthu amene amamwetsa cinkhwe mowa kuti anzao aseke; kumeneko ndi kupha ciweto.

Mcere umalemetsa impso. Cifukwa cace musapatse kapenta, nsomba zouma, nshawa zokazinga ndi mcere, kapena nsima yosunsa m'ndiwo. Mu ndiwo zathu mumakhalanso anyezi ndi adyo, ndipo zimenezi zimaononga magazi a mbalame. Zitumbuwa ndi zonse zokazinga m'mafuta nzosayenera. Mkaka nawo musapatse, pakuti m'mimba mwa mbalame sugayika bwino ndipo umatseguletsa.

Njere za maapozi ndi za m'kati mwa mapicesi ziri ndi ululu wa mtundu umodzimodzi ndi uja wa m'cinangwa cowawa. Mnofu wa zipatsozi ndi wabwino, koma cotsani njere poyamba. Cinangwa caciwisi ndi masamba ace musapatse konse. Pewaninso mbatata ya kacewere yobiriwira kapena yophuka, masamba ace, masamba a matimati, bowa ndi fodya. Njere za nsatsi zimapha, ndipo ana auzidwe kuti asaziponye m'khola posewera.

Za cuku

Alimi nonse mumadziwa nshawa ndi cimanga zimene zacita cuku cifukwa cosungidwa zisanaume bwino, kapena m'nkhokwe yodontha. Cuku cimeneci cimaturutsa ululu wochedwa aflatoxin, umene umaononga ciwindi ca anthu ndi ca ziweto. Ululuwu unadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil. Kuno kwathu, mu Ogasiti 2024, Boma linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo ululu womwewu unapezeka m'zakudya zocokera ku cimanga. Ngati unapha agalu, nanga kambalame kotere kangapulumuke bwanji?

Cizolowezi cathu ndi cakuti posankha nshawa, zofwapa ndi zoola timataira nkhuku ndi mbalame. Cimeneci ndi colakwa. Dziwaninso kuti kuphika kapena kukazinga sikucotsa ululu umenewu, ndipo nthawi zina nshawa imaoneka bwino kunja pamene m'kati yaonongeka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nshawa yopatsa cinkhwe ikhale yotendera kale, youma, yosankhidwa imodzi imodzi, yakuti inu mukhoza kupatsa mwana wanu.

Za mankhwala a kumunda

Mbeu zogula zobzala zimakhala zopakidwa mankhwala, ndipo ndico cifukwa cace zimaoneka zofiira kapena zobiriwira. Zotsala pobzala musapatse ciweto ciriconse, ngakhale mutazitsuka. Cimanga ndi mapira zimene mwathira mankhwala ophera anankafumbwe nazonso nzosayenera. Pokolola patulani mawere kapena mapira pang'ono a cinkhwe, muwaumitse bwino ndi kuwasunga m'cigubu cotsekeka, opanda mankhwala. Masamba a m'dimba lopopera dzulo kapena dzana asalowe m'khola. Dikirani masiku amene alembedwa pa botolo la mankhwalawo.

Kadyetsedwe ka tsiku ndi tsiku

M'mawa, pamene ciri ndi njala, yambani ndi masamba ndi kacipatso. Pakapita maora ocepa cotsani zotsala, pakuti m'nyengo yotentha zimasasa msanga ndi kuitana nchenche ndi nyerere. Pambuyo pace ikani mbeu zosakaniza zokwanira tsiku limodzi. Popeza cinkhwe cimatendera njere ndi kusiya mankhusu, mbale ikhoza kuoneka yodzala pamene mulibe cakudya. Uziranimo tsiku ndi tsiku kuti muone ceniceni.

Madzi akhale amene inu mumamwa, ndipo asinthidwe tsiku liri lonse, popeza cinkhwe cimakonda kuviikamo cakudya. Mbale zitsukidwe. Cakudya cacilendo cikhoza kukanidwa masiku angapo. Pirirani, pitirizani kuika, koma musacimane cakudya cimene cinazolowera ndi colinga cocikakamiza, cifukwa mbalame yaing'ono sipirira njala. Musacidyetse kucokera m'kamwa mwanu, pakuti matenda akhoza kucoka kwa inu kupita kwa ico, kapena kwa ico kubwera kwa inu. Khola likhale kutali ndi mbaula ndi utsi wa kukhichini, ndipo musambe m'manja mukatha kulisesa.

Ngati cadya coipa

Mbalame imabisa matenda kufikira atakula. Mukaona nthenga zanyankhalala, cikuwodzera usana, cakhala pansi m'khola, mcira ukugwedezeka popuma, kapena zitosi zasintha maonekedwe, dziwani kuti zinthu zabvuta. Cotsani cakudya cimene mukucikayikira, ikani khola pa malo ofunda ndi a bata, ndipo pitani nalo msanga kwa mlangizi wa ziweto kapena ku ofesi ya za ziweto ya m'boma lanu. Tengani cotsala ca cakudyaco kuti akacione. Musayese kucisanzitsa, kucithira madzi m'kamwa mokakamiza, kapena kucipatsa mankhwala a anthu.

Mau otsiriza

Malangizo amenewa ndi oyeneranso zinkhwe zina zonse zosungidwa m'makola. Koma tikukumbutsani kuti zinkhwe za m'chire mwathu, monga tizinkhwe tating'ono ta nkhope yofiira ta m'cigwa ca Luangwa, ndi zotetezedwa ndi malamulo a nyama zakuthengo. Kuzigwira, kuzisunga kapena kuzigulitsa popanda cilolezo ndi mlandu. Anyamata auzidwe kuti asapasule zisa zace m'mphako za mitengo.

Werengani phunziro iri pamaso pa onse a pa banja, makamaka ana, pakuti ndiwo amakhala pafupi ndi khola nthawi zambiri. Lamulo la pa nyumba likhale iri: cakudya cimene simucidziwa bwino cisalowe m'khola musanafunse kwa mlangizi wa ziweto.