Mtsikana Angadziteteze Bwanji?

Anzanga ambiri amayesa kuti kudziteteza ndi nkhani ya nkhonya, ndi kuti mtsikana wocepa thupi sangathe kanthu. Ine nditi iai. Cida coyamba ca mkazi ndico maso ace, caciwiri ndico mau ace. Manja amadza potsiriza.

Umu ndimo amaphunzitsira a No Means No, maphunziro amene anayambira mu mzinda wa Nairobi ku Kenya. Bungwe la Ujamaa Pamodzi linadza nao kuno kwathu, m'sukulu za m'maboma a Lilongwe, Dedza ndi Salima. Atsikana anaphunzira maola 12 okha pa milungu 6. Ofufuza analengeza m'caka ca 2018 kuti poyamba atsikana 15 mwa 100 ali onse ananena kuti anagwiriridwa m'caka capitaco, koma ataphunzira nambalayo inatsika kufika pa 9. Tsono tiyeni tione zida zitatuzi.

Coyamba, maso. Kawirikawiri wocita coipa sakhala mlendo wobisala pachire, koma munthu wodziwika: mnansi, bwenzi, ngakhale mbale. Cenjerani ndi munthu wofuna kuti mukhale awiriwiri, wopatsa mphatso nati, "Usauze munthu." Pobwerera kwathu pa chuthi tiziyenda awiri kapena atatu, ndipo tizinyamuka m'mawa kuti mdima usatipeze pa njira.

Caciwiri, mau. Ife tinaleredwa kuti tiziweramitsa mutu pamaso pa akulu, ndipo ulemu ndi wabwino. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Munthu akakugwirani mosayenera, imani cilili, mumyang'ane m'maso, munene mokweza, "Iai! Ndisiyeni!" Pfuulani, chulani dzina lace ngati mumdziwa. Woipa amadalira kuti mudzakhala cete, ndipo phokoso amaliopa.

Cacitatu, manja. Akagwira dzanja lanu, lipotozeni ndi kulikokera kumene kuli cala cace cacikulu, pakuti apo ndipo pofoka. Menyani pofewa: m'maso, pamphuno, pakhosi kapena pabondo. Colinga si kumgonjetsa, koma kupeza mpata wothawira kumene kuli anthu.

Zoipa zikacitikabe, mlandu suli pa mtsikana, uli pa wocimwayo. Uzani mai wosunga atsikana kapena mphunzitsi amene mumkhulupirira, kanenani ku polisi, kapena imbani 116, nambala yothandiza ana. Pitani ku cipatala asanathe maola 72, cifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira nchito akayambidwa m'nthawi imeneyo.

Ndikupempha aphunzitsi athu kuti atipatse ola limodzi pa mlungu loyesera zimenezi pabwalo, pakuti mau osazolowera kupfuula amakanika pa tsiku la tsoka. Inunso anyamata, mukamva mlongo wanu akupfuula, musaseke, thamangani. Nkhanga zinapangana kusanapse. Nafenso tipangane lero.