PHUNZIRO: FONI M'MANJA, MTIMA KUTALI

Tiwerenge: Luka 10:38-42

Ine ndimagwira ntchito ya ulonda kuno ku Johannesburg. Usiku umatalika, choncho foni inasanduka bwenzi langa. Ndinkangoonera mavidiyo pa Facebook mpaka mbandakucha, ndipo Lamulungu ndinkawodzera m'mapemphero.

Tsiku lina mwana wanga wa kumudzi ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Ndinaumvera patatha masiku atatu. Ankapempha kuti ndimupempherere asanalembe mayeso, koma mayesowo anali atalemba kale. Ndinachita manyazi, pakuti masiku onsewo foni inali m'manja mwangamu.

Marita sankachita choipa, ankatumikira mlendo. Komabe Yesu anayamikira Mariya, amene anakhala pansi kumvetsera mawu ake. Ngati ntchito yabwino inamutangwanitsa Marita chotero, nanga ine ndi mavidiyo anga?

Foni si tchimo ayi, ndiyo imatilumikiza ndi kwathu. Koma tsopano ndisanatsegule china chilichonse, ndimayamba ndawerenga Mawu, kupemphera ndi kuyankha a kunyumba.

Tikambirane: Kodi sabata ino ndani wakhala akudikira yankho lanu?

Pemphero: Ambuye, tiphunzitseni kukhala pa mapazi anu. Amen.