Kulumikiza Firiji Yonyamulika ku Home Assistant

Firiji yonyamulika ya 12V, monga za Dometic, Alpicool kapena National Luna, ikazima usiku siuza munthu. Mwiniwake amazindikira m'mawa nyama itayamba kale fungo. Okonda kuseweretsa zipangizo zamagetsi amathana ndi vutoli poilumikiza ku Home Assistant, pulogalamu yaulere yomwe Paulus Schoutsen anayambitsa mu 2013.

Choyamba, munthu aike pulogalamuyi pa kakompyuta ka Raspberry Pi, komwe kazikhala koyaka usana ndi usiku.

Ambiri apa amathamangira Bluetooth ya firijiyo, koma njira imeneyo imatopetsa: kampani iliyonse ili ndi katumizidwe kakekake ka uthenga, ndipo mafiriji ambiri salola foni ndi chipangizo china kulumikizidwa nthawi imodzi. Njira yodalirika ndi kugula kabolodi ka ESP32 ndi choyezera kutentha cha DS18B20 chosalowa madzi, chomwe chimagwira pa firiji ya mtundu uliwonse. Choyezerachi chili ndi mawaya atatu. Pa kabolodiko, kawirikawiri wofiira umapita pa 3.3V, wakuda pa GND, wachikasu pa GPIO4. Pakati pa wofiira ndi wachikasu pamafunika resistor ya 4.7k; ikasowa, ESP32 imatha kulephera kuchiona choyezeracho.

Kenako aike ESPHome, pulogalamu yoyendetsa kabolodiko, mu Home Assistant, alumikize kabolodiko ku kompyuta ndi waya wa USB, n'kulemba dzina ndi pasiwedi ya Wi-Fi. ESP32 imagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha.

Poika choyezera pamafunika nzeru. Chikangolendewera mumpweya, manambala amakwera munthu akangotsegula chivindikiro. Ndi bwino kuchimiza m'kabotolo ka madzi, chifukwa madzi amasintha kutentha pang'onopang'ono monga mmene mkaka umachitira. Waya wake udutse pa labala wa chivindikiro mosasiya mpata waukulu.

Chotsala ndi lamulo lochenjeza: kutentha kukapitirira madigiri 5 kwa mphindi 15, Home Assistant itumize uthenga pa foni. Lamulo lina lichenjeze ESP32 ikasiya kuyankha, pakuti kabolodiko kakamagwiritsa ntchito batire la firiji, batirelo likatha kamazimira limodzi ndi firijiyo.

Kuyatsa ndi kuzimitsa firijiyo kudzera pa pulagi ya Wi-Fi n'kosafunika kwenikweni, chifukwa kompresa ikazima imafuna mphindi zingapo isanayambenso. Ntchito imeneyo isiyidwe kwa thermostat ya firijiyo.