Mphamvu ya Njinga Yamoto ndi Kayendetsedwe Kake

Ku Mphunzi, kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1903, patsinde pa phiri la matanthwe ojambulidwa ndi makolo akale, katundu amene kale adali kusenzedwa pamutu, kaya ndi kachewere, nyemba kapena feteleza, lero akwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo ngakhale mayi wodwala afika nayo kuchipatala dzuwa lisanapendeke. Popeza tono chombo chimenechi tachipatsa katundu wathu ndi miyoyo yathu yomwe, kuyenera kwa ife, amayi ndi abambo, kudziwa kumene mphamvu yake ichokera.

M'kati mwa injini muli chibowo chachitsulo chotchedwa silinda, ndipo m'menemo pisitoni ikwera ndi kutsika monga munsi mumtondo. Potsika koyamba ikoka mpweya wosakanizika ndi petulo. Pokwera ifinya mpweyawo m'kamalo kakang'ono. Pamenepo pulagi ithetheka moto, mpweya uphulika, nukankhira pisitoni pansi ndi ukali waukulu. Ndipo pokweranso itulutsa utsi ku ekizozi. Mwa maulendo anayi amenewa, umodzi wokha ndiwo ubala mphamvu, ndipo makonzedwe otere anawakhazikitsa Nikolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876. Nambala ya 125 kapena 150 yolembedwa pambali pa njinga inena kukula kwa malo amene pisitoni iyendamo: malo a 125 atakhala asanu ndi atatu adzaza lita imodzi. Kuno kumapiri a Dedza, kumene boma lili pamtunda wa mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya uli wopepuka, kotero kuti injini yomweyo imene ikoka bwino ku Salima ifooka pang'ono pa zitunda zathu.

Mphamvuyo ichoka ku injini, nidzera m'magiya, nifika ku tayala lakumbuyo pa tcheni chimene chizungulira magudumu awiri a mano, laling'ono kutsogolo ndi lalikulu kumbuyo. Apa ndipo amakaniko asinthapo. Akaika gudumu lakumbuyo la mano ochuluka, njinga ikwera chitunda ndi matumba osadandaula, koma liwiro lake licheperapo. Akaika la mano ochepa, ithamanga pamsewu wa phula, koma pachitunda ilira ndi kutentha. Palibe mano amene apatsa zonse ziwiri. Anyamata ena aboola ekizozi kuti njinga ibangule, nayesa kuti phokoso ndilo mphamvu, chikhalirecho kawirikawiri angoonjeza kutentha kwa injini ndi kudzutsa makanda m'mudzi.

Chimene chindivuta mumtima ndi ichi, kuti munthu akhoza kugula mphamvu yoonjezera kwa makaniko, akhozanso kutalikitsa kaliyala kuti anyamule matumba atatu, koma mabuleki, matayala ndi dothi la pamsewu zikhala monga zinalili. Taonani chiwerengero ichi, ndipo muchisunge: liwiro likachuluka kawiri, mtunda woimira uchuluka kanayi. Njinga imene pa liwiro la makilomita 30 pa ola ifuna mamita 5 kuti iime, pa liwiro la 60 idzafuna mamita 20, ndipo pamenepo ndi pamsewu wouma; nanga pa matope ofiira a Januwale, kapena pa timiyala toterera ta m'chilimwe? Akulu sananame ponena kuti kuthamanga si kufika. Katundu womangidwa kumbuyo kwenikweni kwa tayala apepuza tayala lakutsogolo, lija lomwe liongolera ndi kugwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa. Chifukwa chake pachitunda njinga yotere inyamuka mutu, ndipo pokhota siimvera mwini wake. Wanzeru amanga cholemera pafupi ndi msana wake, ndipo potsika mtsetse aika giya yaing'ono kuti injini imthandize kugwira njinga, osatsika wazimitsa injini pofuna kusunga dontho la petulo, pakuti mabuleki opondedwa kosalekeza atentha, nasiya kugwira.

Ilikonso njinga yamoto ya matayala anayi, imene ena aiona m'mafamu akulu ndi kumalo ochezera alendo, ndipo kampani ya Suzuki ya ku Japan inayamba kugulitsa yotere mu 1982. Woiona ayesa kuti singagwe, pakuti iimirira yokha. Koma njinga ya matayala awiri ipendekera m'kati pokhota, pamene iyi sipendeka, ndipo ikakhota mwaliwiro, kapena ikadutsa chopingasa pamalo otsetsereka, matayala a mbali imodzi anyamuka. Woyendetsa ayenera kusendeza thupi lake lonse m'kati mwa pokhota, kutsogolo pokwera, ndi kumbuyo potsika. Chifukwa chake zambiri zinapangidwira munthu mmodzi yekha, ndipo wokwera wachiwiri amlanda malo osendera. Ikagubuduzika, chitsulo cholemera koposa matumba anayi a chimanga chimgwera pachifuwa, pamene chipewa choteteza mutu sichifika. Njinga zina zotere za matayala atatu zinavulaza anthu ochuluka ku America, kufikira kuti mu 1988 makampani anavomerezana ndi boma la kumeneko kuleka kugulitsa zatsopano.