KATSABOLA NDI MASHINGOZI: KADOYO NDI KAMODZI

Makolo ambiri mu Libala amasunga bwino khadi la ku sikelo, ndipo mwana akatsiriza nyeleti zonse amaganiza kuti nthenda ya zidzolo siingamugwirenso. Koma katemera wa katsabola palibe pa khadi limenelo. Amene ana amalandira pa miyezi 9 ndi 18 ndi wa cikuku ndi rubella.

Katsabola amabwera ndi kadoyo kochedwa varicella-zoster. Kamayenda mu mpweya ndiponso m'madzi a m'matuza. Mwana amayamba kudwala patapita masiku 10 kufikira 21 kadoyo katalowa m'thupi. Amapatsira anzake kuyambira tsiku limodzi kapena awiri matuza asanatuluke, kufikira onse atauma. Motero asapite ku sukulu matuza akali ndi madzi. Thupi likatentha apatsidwe panado. Aspirin ndi woopsa kwa mwana wodwala katsabola.

Mwana akacira, kadoyo sikacoka. Kamagona m'mitsempha kwa zaka zambiri, ndipo thupi likafooka kamauka ndi kubweretsa mashingozi. Awa ndi matuza owawa ngati moto, otuluka mbali imodzi cabe ya thupi. Amagwira kwambiri okalamba ndi anthu amene citetezo cao ca m'thupi catsika. Wacinyamata akadwala mashingozi ndi bwino kuti apimitse magazi, pakuti nthawi zina ndico cizindikiro coyamba ca HIV. Kupima ndi kwaulere m'zipatala za Boma.

Katemera wa nthenda ziwirizi alipo. Wa katsabola anapangidwa ku Japan mu 1974 ndi Dr Michiaki Takahashi, ndipo dziko la America linayamba kumugwiritsa nchito mu 1995. Amayi apakati ndi anthu ofooka kwambiri m'thupi saloledwa kulandira, cifukwa muli kadoyo kamoyo kofooketsedwa. Wa mashingozi, wochedwa Shingrix, anavomerezedwa ku America mu 2017. Munthu wa zaka 50 kapena kuposerapo amalasidwa kawiri, kusiyanitsa miyezi 2 kufikira 6.

Popeza katemerayu saperekedwa ku sikelo, citetezo cacikulu ciri m'manja mwa a pa banja. Mayi wapakati amene sanadwalepo katsabola, khanda longobadwa kumene, ndi munthu wofooka m'thupi asayandikire wodwala. Ngati akhala kale pafupi naye, afulumire kukaonana ndi a zaumoyo. Wodwala mashingozi aziphimba matuza ake, pakuti madzi ake angapatse mdzukulu katsabola.

Mankhwala a acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyamba. Matuza akatuluka pa mphumi kapena pafupi ndi diso, munthu apite ku cipatala tsiku lomwelo, cifukwa diso lingathe kufa. Kwa okhala mu Libala, kiliniki ya Kabwata, cipatala ca Chilenje ndi UTH ziri pafupi. Kucedwa kunyumba ndi kupaka za m'maboma ena ndiko kutaya masiku atatu aja.