Phunziro la ukhondo: mmene maiwe amasandutsira zonyansa za m'chimbudzi kukhala manyowa

Pachipata cha Mwanza pamadutsa madalaivala a mathiraki, amalonda ndi apaulendo ochokera ku Zobue ndi Tete tsiku ndi tsiku. Chifukwa cha kuchuluka kwa anthuku, zimbudzi za pamsika, m'malo ogona alendo ndi m'makomo zimadzaza msanga. Zikapopedwa, ena amakataya zonyansazo m'makwawa, pomwe ena amakathira m'dimba poona kukwera mtengo kwa feteleza. Njira ziwiri zonsezi n'zoopsa.

N'zoona kuti zonyansa za munthu zili ndi chakudya cha mbewu, koma zikakhala zaziwisi zimanyamulanso tizilombo ta kolera ndi kamwazi, komanso mazira a njoka za m'mimba omwe amatha kukhala amoyo m'nthaka kwa miyezi yambiri. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho zonyansa ziyenera kuyamba zapsa, ndipo njira imodzi yotsika mtengo ndiyo ya maiwe, monga a ku Kauma mumzinda wa Lilongwe.

Maiwe atatu, ntchito zitatu

Maiwewa amakumbidwa mondondozana, ndipo madzi amayenda okha kuchoka m'dziwe lina kulowa m'linzake, popanda magetsi kapena mankhwala.

Dziwe loyamba limakhala lakuya mamita 2 mpaka 5. Muno zolemera zimadikha pansi n'kusanduka matope, ndipo mazira ambiri a njoka amamira nazo limodzi.

Dziwe lachiwiri ndi lotambalala, lakuya mita 1 mpaka 2. Pamwamba pake pamamera ndere zobiriwira zomwe zimatulutsa mpweya wabwino dzuwa likamawala. Mpweyawo umathandiza tizilombo tabwino kuwoletsa zonyansa zotsala.

Dziwe lachitatu ndi losaya, pafupifupi mita imodzi, kuti dzuwa lilowe bwino m'madzi. Muno ndimo tizilombo tambiri toyambitsa matenda timafera. Ulendo wonsewu umatenga masabata angapo. Kuufupikitsa n'kuononga ntchito yonse.

Zofika kumunda

Malangizo a 2006 a bungwe la WHO amati madzi othirira mbewu asakhale ndi mazira a njoka oposa limodzi pa lita. Maso sangaone zimenezi, n'chifukwa chake madziwo amayenera kupimidwa. Ndi othirira, si akumwa, ochapira kapena osamba.

Matope a pansi pa dziwe ndiwo ofunika kusamala kwambiri, pakuti mazira aja amaunjikana mmenemo. Amawolera pamalo otchingidwa kuti aume, ndipo kumadera otentha amasungidwa kupitirira chaka asanapite kumunda.

Mlimi atsate izi:

1. Avale nsapato zajombo ndi magolovesi, ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza.
2. Akwirire manyowawo m'nthaka, osawamwaza pamwamba.
3. Ayambe ndi chimanga ndi mitengo ya zipatso monga manachesi, osati ndiwo zodya zosaphika.
4. Padutse mwezi wathunthu kuchokera pothira manyowa kufika pokolola.

Nanga pakhomo?

Maiwe amafuna malo aakulu, mpanda woteteza ana ndi ziweto, komanso kutalikirana ndi nyumba, zitsime ndi mitsinje. Si ntchito yoti banja lidzikumbire lokha kuseri kwa nyumba. Banja lingathe kumanga chimbudzi cha maenje awiri osaya, n'kumathiramo phulusa ndi dothi nthawi iliyonse munthu akadzithandiza. Dzenje limodzi likadzaza limatsekedwa kwa chaka, banja likugwiritsa ntchito linalo. Ena amakwirira dzenje lodzazalo ndi dothi n'kudzalapo mtengo wa zipatso, osafukulanso kanthu.

Dzinja lisanafike, eni malo ogona alendo, makomiti a misika ndi mabanja omwe zimbudzi zawo zatsala pang'ono kudzaza akumane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo asanaitane opopa. Mufunseni wopopayo kumene akataye zonyansazo. Akalephera kuyankha momveka, musampatse ntchito. Mukaona wina akutaya zonyansa m'khwawa kapena mumtsinje, dziwitsani mfumu, khansala wa wodi yanu kapena ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo.